Tsamba Limene Julião Ankalizemba

"Ine mabuku a m'boma lino ndinawamaliza onse," anatero a Alberto, chigongono chili pa gome la m'loja, sitolo imene ankayang'anira. "Masiku ano ndikamawerenga ndiye kuti ndikungobwereza, kuti maso asachite dzimbiri."

Julião anali chapakati pa mzere wa mchere, kambale m'manja, buku kukhwapa. Anamva mawuwo n'kuyang'ana zala za kumapazi kwake. Buku limodzi lokha limene a Alberto anabwerekapo kwa iye linabwerako patapita miyezi, masamba ake akadali omatana m'mphepete, monga ankabwerera mabuku akale a Apwitikizi, oti uyambe wawatsegula ndi mpeni kuti uwerenge. Mwina a Alberto ankawerenga mosuzumira m'mbali. Julião sanawafunse. A Alberto ndiwo ankasunga mfungulo za mchere wa Furancungo yense, ndipo chaka chimenecho panalibe munthu wotsutsana nawo pa nkhani iliyonse, ngakhale ya mvula.

Amene ankauzidwa zimenezi anali a Domingos, atsibweni ake a Emília, mtsikana amene Julião ankamufuna. Iwo sankaima pamzere. Ankalowera khomo la kuseri n'kutuluka ndi kanthu kokulunga, akugwedeza mutu kuti inde, kuphunzira n'kwabwino, makamaka kukakhala ndi sopo pambali pake.

Julião anali mlembi ku Administrasawu, ofesi ya boma. Ntchito yake inali kulemba pa makina zimene shefi, bwana wake, wanena, n'kumenya chidindo pansi pake. Mlungu uliwonse ankalemba chikalata chopita ku Tete, ndipo chinkayamba ndi mawu omwewo, akuti m'boma muno muli bata. Mlungu umene mlatho unawotchedwa munali bata. Mlungu umene anthu a ku Chidzolomondo anafika akatundu ali pamutu, ana akulira, munalinso bata. Ntchitoyo ankadana nayo mwakachetechete, monga umadanira ndi mlamu amene ukugona naye nyumba imodzi.

Chimene chinkamusunga anali mabuku. Apadiri atachoka ku mishoni, anthu anayamba kuthothola masamba kuti azipichira fodya, ndipo Julião anapulumutsa thumba limodzi lathunthu posinthanitsa ndi nsapato zake zopitira ku tchalitchi. Ankawerenga akudya, ankawerenga pamzere, ankawerenga akuyenda, mpaka agalu a m'njira anazolowera kumupatukira.

* * *

Lamulungu lililonse mapemphero akatha, ankatsikira kutsidya kwa mtsinje kumene othawa nkhondo anamanga misasa yawo. Emília ankakhala kumeneko ndi amayi ake, a Jacinta. Julião anali atatuma kale nkhoswe kukanena mawu. Yankho linali lisanabwere, poti a Domingos ankati akuganizabe, koma mawuwo anali okwanira kuti a Jacinta ayambe kumuthawa monga mayi amathawira mkamwini. Akangomva kutsokomola kwake panjira ankanyamula lichero n'kukakhala kuseri kwa mpanda wa tsekera. Nkhope yawo anali atayamba kuiiwala. Chimene ankachidziwa bwino linali phokoso la nyemba zimene ankasankha.

Iye ankakhala pa chipika pansi pa msuku, Emília pa mkeka chapatali pang'ono, n'kumamuwerengera buku lopanda chikuto, akulitembenuzira m'Chichewa pamene akuwerenga. Inali nkhani ya mayi wamasiye wa kunyanja ya mchere, amene mwana wake mmodzi yekhayo anakwera sitima ya pamadzi n'kukhalitsa osamveka. Julião analisankha chifukwa munalinso mtsikana wokongola wodikira padoko, ndipo ankaganiza kuti Emília atolapo kanthu. Amene anatolapo kanthu anali a kuseri kwa mpanda. Sitima ikakumana ndi namondwe, nyemba zinkasiya kulira.

Nkhani ili kale pakati ndi pamene Emília anamuuza za Pascoal, mchimwene wake, amene anthu a m'tchire, omenyana ndi boma aja, anamupeza kumunda n'kumutenga kuti awanyamulire katundu. Dzinja linadutsa, lina n'kudutsanso, osamveka. A Jacinta sankalola munthu kutchula mawu oti maliro pakhomo pawo.

Bukulo Julião anali ataliwerenga kangapo, ndipo ankadziwa chimene chinali pa tsamba la kumapeto. Choncho sitima ija inayamba kuima pa zilumba zimene mwini wake wolemba bukulo sanazimvepo.

"Ndipo anafika pa chilumba china," anatero Lamulungu lina, maso ali pa buku, "kumene anthu ake ankaweta akamba m'makola ngati mbuzi."

"Chinanso?" anatero Emília.

"Nyanja imeneyi ndi ya zilumba zambiri."

Kuseri kwa mpanda kunamveka mawu. A Jacinta ankalankhula ndi mwana wawo monga mwa mwambo, ngati kuti Julião ali ku Tete.

"Emília, tawafunsa alendowo. Pa zilumba zonsezi palibe ngakhale munthu mmodzi wolowera kwawo kwa mnyamatayo, woti n'kumutuma akauze mayi wake kuti ali moyo?"

"Akuti ndikufunseni kuti..."

"Ndamva. Uwauze amayi kuti mwina pa chilumba chotsatira."

"Akuti mwina pa chilumba chotsatira."

"Ndamva," unatero mpanda. Nyemba zinayambanso.

Pomuperekeza, Emília anaima pa miyala yowolokera.

"A Julião, ine ndinafika kwarta, kalasi yachinayi."

"Ndikudziwa."

"Chipwitikizi changa n'chothyokathyoka, koma numeru ya pansi pa tsamba ndimaiwerenga. Chala chanu chakhala pa tsamba limodzi kuyambira masuku ali aawisi. Lero akugwa okha."

"Nkhani yabwino imafuna nthawi, Emília."

"Ndi zomwe amanena atsibweni za inu. Akuti ndinu munthu wa mawa. Ntchito mumati muisiya, simuisiya. Munda mumati mupempha, simupempha. Akuti mwamuna amene khasu lake ndi chala chonyowetsa malovu adzandidyetsa zilumba."

"Nanga iwe umati chiyani?"

"Ine ndimati mwina mukulikoka bukuli kuti muzipeza chobwerera popanda kumanga kanthu. Likadzatha mudzabweranso?"

Akanatha kumuuza pomwepo mmene bukulo limathera. Koma Pascoal anali mchimwene wa Emília yemweyo, amene ankamuwolotsa pamapewa popita ku sikola. Anangoti dzuwa lapendeka.

"Yendani bwino, kamarada mlembi," anatero Emília. Ankamutchula choncho, monga amaitanirana a boma, pokhapokha akakwiya.

* * *

Pakati pa mlungu Emília anamupeza masana kuseri kwa Administrasawu, akudya mbatata yootcha, buku lina lili pabondo.

"A Alberto anabwera kwathu dzulo."

"Ndi sopo?"

"Ndi sopo, ndi mathero a buku lanu."

A Alberto, amene nawonso ankamufuna Emília, anali asanatume nkhoswe, choncho mwambo sunkawaletsa kukhala maso ndi maso ndi a Jacinta. Anakhala pa chipika chomwe chija, anamva za sitima, n'kuwomba m'manja kuti buku limenelo analiwerenga ali mwana. Mnyamatayo amabwerako, anatero, atanenepa, dzino la golide lili m'kamwa, n'kumangira mayi wake nyumba ya malata yokhala ndi khonde mbali zonse.

"Amayi anaseka," anatero Emília. "Kuseka kwenikweni, mpaka kugwira m'nthiti. M'mawa uno ndawapeza akuimba akusesa. Achapa ndi malaya a achimwene n'kuwayanika padzuwa." Anamuyang'ana m'maso. "A Julião, ndi mmene limathera?"

Julião anayang'ana nyerere zimene zinkakoka khoko la mbatata.

Emília anakhala pansi pa udzu. Anatseka pakamwa ndi nsonga ya kapulana, chitenje chake.

"Ndiye zilumba zija?"

"Ndinasowa pokocheza."

"Ndinakunenerani zoipa kumtsinje."

"Zina zinali zoona."

"Tamverani. Lamulungu ankhoswe akukumana kwathu. Atsibweni akufuna akukaneni pamaso pa anthu kuti njira ya a Alberto itseguke. Amene akukuikirani kumbuyo ndi amayi okha. Ati muli ndi ngongole yawo: munawayambira nkhani, muimalize anthu akumva. Mubwere ndi bukulo." Anamugwira pamkono, masana dzuwa likuswa mtengo, kuseri kwa nyumba ya boma. "Nenani zomwe anena a Alberto. Dzino lagolidelo lichotseni ngati likukunyansani, koma mnyamatayo afike. Adzadziwa ndani? Mukawaliza amayi pamaso pa atsibweni, za ine ndi inu zathera pomwepo."

"Ndamva," anatero Julião.

Madzulo a tsiku lomwelo shefi anamuitana kuti alembe chikalata cha ku Tete. Munali bata. Anamenya chidindo n'kuweruka, ndipo m'njira anayamba kukonza mathero ake. Anatuluka abwino kuposa a a Alberto. Mnyamatayo ankafika mvula ikugwa, wowonda, wopanda kanthu m'manja, ndipo mayi wake ankamuzindikira ndi kutsokomola asanatsegule chitseko. Julião mwini wake misozi inamulengeza. Kunama ankakudziwa, boma linkamulipira mwezi ndi mwezi chifukwa cha luso lomwelo.

Chinkamuvuta ndi chimodzi. Mabuku ndiwo anali malo okhawo kumene ankapita akatopa ndi bata la shefi, chifukwa m'mabuku munthu akafa ankafadi, ndipo wolemba ankanena. Tsopano nayenso anali atasandutsa buku kukhala chikalata cha ku Tete. Ndipo mnyamata wa m'bukuyo akangofika kwawo, a Jacinta adzachapa malaya aja mlungu ndi mlungu mpaka adzathe ndi sopo, iye ali pakhomo pomwepo ngati mkamwini, akudya za m'manja mwawo, akuona. Anaganiza zimenezi mpaka Loweruka, ndipo pofika Loweruka anali asanagamule kanthu, monga mwa chizolowezi chake.

* * *

Lamulungu pansi pa msuku panadzaza. A Domingos anatenga mpando wokhawo wa pakhomopo. Pambali pawo panali a Clemente, nkhoswe ya Julião, ophunzitsa katekisimu, ogontha khutu limodzi. Panalinso amayi a m'misasa yoyandikana, amene nkhani ya sitima ankaimvera kwa a Jacinta kochapa, ndipo lero anabwera kudzadzimvera okha. A Alberto ankangodutsa, atavala jekete tsiku lotentha, ndipo podutsapo anakhala pansi.

"Tisanayambe zathu," anatero a Domingos, "mlongo wanga ali ndi kachibwana kake. Tikachotse m'njira, kenako tikambe za akuluakulu."

"Emília," unatero mpanda, "uwauze alendowo kuti ndakhala."

Lichero lero kunalibe. Pa mipata ya tsekera Julião ankangoona manja awiri ali pamaondo, opanda chogwira.

Anatsegula pa tsamba lija, nanyowetsa chala, nalitembenuza. Emília anaona, ndipo anamuyang'ana osaphethira. Anawerenga za m'mawa wina pamene mkulu wina wa m'sitima anakwera chitunda cha kunyumba kwa mayi wamasiye, chipewa chili m'manja, kamtolo kali kukhwapa. Apa ndiye panali pamphambano. Kumbuyo kwa mkuluyo kukanatha kuima mnyamata wowonda, akutsokomola. Mawu ake anali okonzeka pa lilime, osalala, ongofuna kutuluka. Julião anayang'ananso manja aja. Anabwera opanda nyemba, opanda chobisalirako, kudzamva chimene chalembedwa.

"M'kamtolomo munali jekete la mnyamatayo," anawerenga pang'onopang'ono, akufunafuna mawu. "Malungo anamugwira pakati pa nyanja. Anzake anamupempherera n'kumutsitsira m'madzi. Mkuluyo anati sanavutike nthawi yaitali, ndipo ankatchula mayi wake."

Mayi wina anati mayo ine. Emília anaweramitsa mutu mpaka pamaondo.

"Wafa?" anafunsa a Clemente mokweza, atatchera khutu labwino.

"Wafa, a Clemente."

"Mulungu amulandire." Anavula chipewa kulemekeza munthu amene sanakhalepo pa dziko lino.

"Mwaona?" A Domingos anali ataimirira. "Mwamuona munthu amene mukuti alowe m'mbumba mwanga? Kuchoka kwawo ndi pepala kudzaliza mayi pakhomo pake! Mwana wake sanamuikebe, iye akubwera ndi zake za m'nyanja!"

"Limene ndinawerenga ine linasindikizidwa ku Lisboa," anatero a Alberto kwa aliyense wofuna kumva. "Obwera kunowa amawasintha." Palibe anacheuka.

"Emília." Mawu a kuseri kwa mpanda anali otsika koma osanjenjemera. "Uwafunse kuti mayiyo anatani."

Julião anatembenukira ku thunthu la msuku n'kuliwerengera. Mayiyo anakhala tsiku lonse jekete lili pamiyendo. M'mawa mwake anapita nalo kwa wansembe, anthu anakumba kamanda pambali pa mwamuna wake, ndipo analikwirira ndi nyimbo zonse. Atabwerako anatsegula mazenera amene anakhala otseka, n'kutuma mwana wa pafupi kuti akauze asodzi kuti wayambanso kusoka maukonde.

"Pathera pamenepa," anatero Julião, natseka buku.

Kenako a Jacinta analankhula ndi mlongo wawo.

"Achimwene, kaduleni nthochi ija."

A Domingos anakhala akupempha zimenezi kuyambira kale. Munthu akathera kosadziwika, abale amakwirira thunthu la nthochi m'malo mwa thupi, kuti mzimu upeze pogona ndipo amoyo amete tsitsi, moyo upitirire. Mlongo wawo ankawathamangitsa nthawi zonse akangoyamba. Tsopano mkwiyo wawo unasowa kolowera, ndipo anabwerera pa mpando kukamwa kuli yasa.

"Sindikuti mwana wanga wafa chifukwa buku latero," anatero a Jacinta. "Buku silimudziwa Pascoal. Koma ndatopa kudzambatuka galu aliyense akauwa. Ndatopa kupatula mbale yake. Akadzabwera adzaseka manda ake, ndipo tidzaseka naye. Emília, a Alberto uwauze zikomo, anandiseketsa tsiku limodzi. Enawo uwauze kuti ngongole yatha, anthu amva. Uwauzenso kuti mkamwini sasowa pamaliro a pakhomo."

Mkamwini. Mawuwo anatuluka koyamba kuseri kwa mpanda umenewo, ndipo ngakhale khutu logontha la a Clemente linawamva. Anayamba kuwomba m'manja, koma a Domingos anakweza dzanja.

"Pang'onopang'ono, a katekisimu. Pakhomo pamene pali maliro sakambapo za ukwati mpaka atameta. Ndiponso mwana wa mbumba yanga sagona pakati pa alendo kuno. Manda athu ali ku Chidzolomondo."

Amayi aja anayang'anana. Msewu umenewo aliyense ankaudziwa, ndipo palibe ankauyenda popanda asilikali. Julião ankadziwanso china. Shefi sankapereka tchuthi kwa munthu yekhayo wodziwa makina, ndipo wantchito wa boma wosowa pa malo ake popanda chilolezo ankawerengedwa kuti wathawira kwa anthu a m'tchire. Wotero akapezeka sankamufunsa zambiri.

A Alberto anatsokomola, nakonza kolala ya jekete. Nkhope inali itawabwerera.

"Kamiyawu ya loja, lole ija, ikupita komweko mlungu uno kukatenga chimanga, ndi asilikali pamwamba. Kutsogolo ndimakhala ine. Malo ndingapeze a amayi, a atsibweni, ndi a Emília." Anayang'ana buku limene linali pabondo pa Julião. "Kamarada mlembi ali ndi ntchito ya boma. Sitingamuchotse pa makina ake."

Emília anapukuta maso ndi kapulana n'kusendera pafupi ndi chipika.

"Ndinakupemphani kuti muname," ananong'ona.

"Unandipempha."

"Sindinakukhululukirenibe." Kenako anakweza mawu kuti onse amve, monga amachitira potumikira pakati pa chipika ndi mpanda. "A Julião, amayi ati mkamwini sasowa pamaliro. Ndiwayankhe kuti chiyani?"

A Clemente anatembenuza khutu labwino. Kuseri kwa tsekera, a Jacinta anali chikhalire, akudikira.